Pampu ya galimoto musaimange pa injini ya kabureta

Chilimwe chino, kuyambira ku Nchalo kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula, ndaona njinga zamoto za matayala atatu, ngakhalenso zija za matayala anayi zoyendera m'minda, zitamangiridwa pampu ya petulo yamagetsi yochotsedwa ku galimoto yakufa. Mwini njinga amangodandaula kuti injini ikutsamwa ikasenza katundu, makaniko wapamsika n'kumupezera pampu yotchipa, kuimanga ndi mphira, waya n'kulumikiza ku batire, basi ntchito yatha.

Alimi anzanga, pampu imeneyo si ya injini yanu. Galimoto za masiku ano zimachita kupopera mafuta mu injini, n'chifukwa chake pampu yake imakankha petulo ndi mphamvu ya 40 psi kapena kuposerapo (psi ndi muyezo wa mphamvu yokankhira). Tiinjini tathu tambiri ndi ta kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo kabureta imakhutira ndi 2 mpaka 4 psi. M'kati mwake muli kambale ka petulo ndi kasingano kotseka kambaleko kakadzadza. Kasinganoko kanapangidwira petulo wobwera mofatsa. Mukakathira mphamvu yochuluka kakhumi, kangatseke bwanji? Petulo amasefukira. Wina amadonthera pa injini yotentha ndi pa ekizozi, wina amatsikira m'silinda n'kukasakanikirana ndi oilo.

Wodonthera panjayo fungo lake limakuchenjezani, ngakhale kuti ndi dzuwa la kuno kuchigwa, loti mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, petulo sachedwa kusanduka nthunzi, ndipo kamoto kochokera pa waya wosakutidwa n'kokwanira kuyatsa njinga yonse pamodzi ndi katundu. Koma amene akutha injini zambiri ndi wolowa mu oiloyu, poti saoneka. Oilo amasanduka wamadzimadzi, zitsulo zimayamba kudyana, pulagi imada sabata iliyonse, mafuta akutha msanga, inu n'kumanena kuti ogulitsa petulo akukuberani.

Bambo wina wa tsidya la kum'mawa kwa Shire amatuta chimanga cha kudimba pa njinga yotere. Anaima pamthunzi kudikira anyamata omanga matumba, injini atazimitsa, koma pampu ikulirabe chapansipansi chifukwa waya wake sunadzere pa kiyi. Pobwerera anapeza pansi panyowa petulo, mapesi ouma ali pomwepo. Moto sunabuke, mwayi wake. Iye anangopukuta, kuliza, ulendo. Oilo sanamuyang'ane n'komwe. Chimanga chisanathe kudimba injini inagwira, ndipo ndalama ya matumba omwe anatutawo inathera ku pisitoni ndi kwa makaniko. Atatsegula njira ya mafuta anapeza kuti chomwe chinkatsamwitsa injini poyamba chinali sefa yodzadza matope, ya petulo wogula m'zigubu.

Izi ndiye zimandipweteka mtima. Njinga zambiri mwa izi thanki yake ili pamwamba pa kabureta, petulo amatsika yekha, pampu siifunika n'komwe. Koma chizolowezi chathu chija chakuti chinthu chikavuta tiwonjezerepo china champhamvu, osayamba tatsuka chomwe chatseka, sitikufuna kuchisiya. Ndi fumbi la kuno, sefa ndi kampopi ka pansi pa thanki n'zoyang'ana kawirikawiri, ndipo izi aliyense akuzidziwa.

Ngati thanki yanu ilidi pansi ndipo pampu ikufunikadi, gulani yaing'ono ya 12V yolembedwa 2 mpaka 4 psi pathupi pake. Yambani mwachotsa waya wa negative ku batire, injini itazizira, panja, patali ndi mbaula ndi osuta fodya. Pampuyo ikhale chapansi, pafupi ndi thanki, kutali ndi ekizozi, sefa ikhale pakati pa thanki ndi pampu. Magetsi ake adzere pa fyuzi yaing'ono, monga ya 5A, ndi relay (kaswichi ka magetsi) yolamulidwa ndi kiyi, kuti mukazimitsa injini nayonso izime. Payipi ikhale ya petulo, yomangidwa ndi makilampu, osati ya madzi yomangidwa ndi mphira. Mukatha tsegulani kiyi osaliza injini, muone ngati pakudontha. Amene munamanga kale pampu ya galimoto, ichotseni lero, ndipo mununkhize oilo. Akamveka petulo, mukhetseni musanayende.