Mwana akapanikizika maganizo, mutani?

Mwana akachita mantha thupi limatulutsa homoni ya cortisol (timadzi ta m'thupi tomwe timachuluka munthu akapanikizika), mtima uli phaphapha, manja thukuta. Ndiye inuyo yambani mwakhala phee kaye chifukwa mukakalipa mukungowonjezera moto. Wamng'ono munyamuleni kapena khalani naye pansi mupumire limodzi pang'onopang'ono, kungokhala pafupi kwa kholo kumatsitsa cortisol ija, olo mawu a mayi pafoni amathandiza ndithu.

Koma akatha msinkhu zimasintha, zokumbatirana zija sizigwiranso ngati kale. Akabwera kumayeso ali ndwii osamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi ayi, mungoti "ndilipo ukafuna kulankhula" basi. Ambiri amamasuka mukutsuka mbale limodzi osayang'anizana, ndiye apo mvetserani, malangizo pambuyo. Akamavutika kudya kapena kugona kwa masabata angapo pitani naye kuchipatala.