Kuyamba Kuwedza ndi Fly Kunja kwa Malawi Popanda Kuwononga Ndalama Zambiri

Munthu amene anakulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje safunika kuphunzitsidwa kumene nsomba imabisala. Amadziwa kuti imakonda pamene madzi othamanga akukumana ndi madzi odekha, m'mphepete mwa bango, kapena pansi pa mtengo umene unagwera mumtsinje, ndipo amadziwanso kuti chithunzithunzi cha munthu chikagwera pamadzi nsomba imathawa. Nzeru zimenezi zimagwira ntchito pa mtsinje wa Vaal wa ku South Africa ndi m'mitsinje ya ku England monga momwe zimagwirira pa Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh. Inu abale athu a kuno ku chigwa amene muli kunja ndipo mukufuna kuyamba kuwedza ndi fly, zimene mukusowa ndi ziwiri zokha, malamulo a dziko limene mukukhalamo ndi kaponyedwe ka chingwe. Zida zodula si zimene zidzakugwiritseni nsomba, ngakhale wogulitsa m'sitolo atakuuzani zosiyana ndi zimenezi.

Kwathu timakoloweka nyongolotsi pa mbedza, timamangirira kachitsulo kolemera, ndipo kulemera kwa nyamboyo ndi kumene kumakoka chingwe poponya. Fly ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo kapena kansomba, ndipo ndi yopepuka kwambiri moti payokha singapite patali. Cholemera ndi chingwe, ndipo chingwecho ndi chimene chimanyamula fly n'kukaitula pamadzi. Aliyense amene anaonapo ngumbi zikugwera mumtsinje mvula yoyamba itagwa, nsomba n'kumazitola pamwamba pa madzi imodzi ndi imodzi, wamvetsa kale cholinga cha kuwedza kumeneku. Si kwachilendo ngakhale m'dziko lathu, popeza nsomba za trout zinabweretsedwa kale m'madzi ozizira a pa phiri la Zomba, pa Mulanje ndi ku Nyika, kumene anthu akhala akuziwedza mwa njira yomweyi.

Ndalama yoyamba iyenera kupita ku chiphaso, ndipo nkhani imeneyi ndiikhalitsa chifukwa ndi imene ingamulowetse munthu wa kwathu m'mavuto aakulu. Ku England ndi ku Wales, aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo ayenera kukhala ndi chiphaso chowedzera ndi ndodo, chimene chimaperekedwa ndi Environment Agency ndipo chimagulidwa pa intaneti kudzera pa GOV.UK. Chilipo cha tsiku limodzi, cha masiku 8 ndi cha miyezi 12, ndipo ana a zaka 13 mpaka 16 salipira ngakhale kuti ayenera kulembetsa ndithu. Wopezeka akuwedza alibe chiphaso angalipitsidwe chindapusa chofika £2,500. Koma chiphasocho sichikupatsani mtsinje. Pafupifupi madzi onse ali ndi mwini wake, kaya ndi mlimi, kalabu ya asodzi kapena kampani, ndipo muyenera kugulanso tikiti ya tsiku kapena kulowa kalabu. Ku Scotland pafupifupi konse chiphaso cha boma kulibe, koma chilolezo cha mwini madzi chimafunikabe. Ku Ireland trout wamba safuna chiphaso cha boma, pamene salmon amafuna. Ku America boma la chigawo chilichonse limagulitsa chiphaso chakechake, ndipo ku South Africa malamulo a m'madzi a m'mitsinje ndi m'madamu amasiyana malinga ndi chigawo, choncho amene ali ku Johannesburg asaganize kuti zimene zikuloledwa ku Gauteng ndi zomwezo ku Mpumalanga.

Palinso chizolowezi cha kwathu chimene chiyenera kutsala kwathu. Kuno nsomba ikakodwa ndi ndiwo, kaya ndi mlamba kaya ndi makakana, ndipo kutchera miono, kuponya chavi kapena kusiya mbedza m'madzi usiku wonse ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Ku England kutchera ukonde kapena msampha popanda chilolezo chapadera ndi mlandu, ndipo ngakhale kusiya ndodo yokha mbedza ili m'madzi inu mutachokapo n'koletsedwa. Nsomba zambiri zimene munthu wagwira amazibwezera m'madzi zili zamoyo. M'mitsinje, nsomba za gulu la pike, chub, roach ndi zinzake siziwedzedwa kuyambira pa 15 Marichi mpaka pa 15 Juni chifukwa zimakhala zikuswana, ndipo trout wa m'mitsinje alinso ndi nyengo yake imene imasiyana malinga ndi dera. Amene akufuna kubwera ndi ndiwo kunyumba apite ku madamu amene eni ake amathiramo trout, kumene tikiti imanena chiwerengero cha nsomba zimene mungatenge. Kwa mlendo amene mapepala ake okhalira m'dzikomo amaunikidwa nthawi ndi nthawi, mlandu wa nsomba imodzi ndi wodula kuposa ndodo iliyonse.

Pa zida, ndodo yoyambira ikhale ya mafiti 9, amene ndi mamita pafupifupi 2.7, ndipo ikhale ya nambala 5 kapena 6. Nambalayo imalembedwa pafupi ndi chogwirira, ndipo imasonyeza kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imagwirizana nacho. Ndodo yotere imakwanira pa trout, pa yellowfish ya mu Vaal, ngakhalenso pa tinsomba ta bluegill timene tadzaza m'maiwe a ku America. Amene adzawedze kwambiri m'madamu aakulu a ku Britain, kumene mphepo imawomba kosalekeza, angasankhe nambala 7. Gulani ndodo yodukaduka pa zigawo zinayi, chifukwa imalowa m'chikwama ndipo mungakwere nayo basi kapena sitima popanda kuvutitsa anthu. Makampani ambiri amagulitsa ndodo, reel (kagudumu kokulungirapo chingwe) ndi chingwe pamodzi m'bokosi limodzi la oyamba kumene, ndipo zimenezi zimatsika mtengo kuposa kugula chilichonse pachokha. Zakale zimapezekanso pa eBay, Gumtree ndi Facebook Marketplace, chifukwa anthu ambiri amagula zida, n'kuyesa kawiri, n'kuzisiya. Pogula ndodo yakale, yendetsani chala m'malo olumikizira kuti mumve ngati muli mng'alu, ndipo yang'anani nsonga yake, popeza ndi pamene ndodo zambiri zimathyokera.

Reel musaiganizire kwambiri. Pa nsomba za msinkhu umenewu ntchito yake ndi kusunga chingwe basi, ndipo yotsika mtengo imachita zomwezo zimene yodula imachita.

Chingwe ndiye chofunika kuchiwonongera ndalama, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene muyenera kugula chatsopano, ndi chimenechi. Funani cholembedwa WF5F ngati ndodo yanu ndi ya nambala 5, kutanthauza chingwe cholemera chakutsogolo chimene chimayandama. Chingwe chotchipa kapena chakale chimapindikapindika m'nyengo yozizira, chimamira pamene chiyenera kuyandama, ndipo chimamupangitsa woyamba kumene kuganiza kuti manja ake ndiwo olephera. Kunsonga kwake kumalumikizidwa leader, ulusi wa nayiloni wotalika mafiti 9 umene umanka nuwonda, ndipo kunsonga kwa leader mumawonjezera kaulusi kotchedwa tippet, ka 4X kapena 5X, kamene mumamangapo fly. Pa tippet ndi pa mbedza pomwe, nambala ikamakula ndiye kuti chinthucho chikuchepa. Mfundo ziwiri zikukwanirani, imodzi yomangira mbedza ndi ina yolumikizira ulusi uwiri, ndipo muzinyowetsa mfundo ndi malovu musanaikoke kuti nayiloni asapse n'kufooka.

Ma fly a m'sitolo ndi ochuluka moti munthu angathere malipiro a sabata yonse pa tinthu timene sadzatimanga n'komwe pa chingwe. Mitundu isanu ndi yokwanira chaka choyamba. Woolly Bugger wakuda kapena wobiriwira, wa saizi 10, amaoneka ngati kansomba kapena msundu ndipo amagwira pafupifupi nsomba iliyonse. Pheasant Tail Nymph ndi Hare's Ear, a saizi 14 kapena 16, amatsanzira tizilombo tokhala pansi pa miyala, ndipo popeza nsomba imadya kwambiri pansi pa madzi kusiyana ndi pamwamba, awiriwa ndi amene adzakugwirireni nsomba zambiri. Adams ndi Elk Hair Caddis amayandama, ndipo ndi a madzulo amene mukuona nsomba zikutola tizilombo pamwamba. Musanasankhe, tembenuzani mwala wa m'mphepete mwa mtsinje muone tizilombo timene tamatirira kunsi kwake, kenaka mumange fly yofanana nato pa kukula ndi mtundu. Mukadzabwera kudzaona abale n'kufuna kuyesa mcheni wa mu Shire, umene umapezeka kumunsi kwa mathithi a Kapichira, zida zimenezi sizingathe, chifukwa mano ake amadula nayiloni ndipo pamafunika ndodo ya nambala 8 kapena 9 ndi kawaya kutsogolo kwa fly.

Kuponya kuphunziridwe pa udzu wa m'paki, mutamanga kaubweya m'malo mwa mbedza. Tulutsani chingwe cha mamita pafupifupi 8, nyamulani ndodo mwamphamvu pang'ono mpaka itangopitirira khutu lanu, n'kuiimitsa pomwepo. Dikirani kuti chingwe chitambasuke kumbuyo, ndipo mudzamva chikukoka nsonga ya ndodo pang'ono. Pamenepo ndi pamene mumakankhira kutsogolo n'kuimitsanso ndodo isanagwe pansi. Dzanja lisapindike pamene limalumikizana ndi mkono, ndipo mphamvu zisachuluke, chifukwa amuna ozolowera khasu ndi nkhafi amalephera kawirikawiri poyesa kuponya ndi nyonga zonse. Chingwe chikalira ngati chikwapu cha pa ngolo, ndiye kuti mwafulumira kubwerera kutsogolo, ndipo pamadzi fly ikanaduka n'kutayika. Nsomba zambiri zimagwidwa pa mtunda wosapitirira mamita 10, choncho kufika patali kusakudetseni nkhawa. Makalabu ambiri ali ndi achikulire amene amakondwera kuonetsa woyamba kumene, ndipo ola limodzi ndi munthu wotere limaposa mavidiyo ambiri a pa YouTube.

Malo abwino oyambira ndi damu laling'ono lopanda mitengo kumbuyo, kumene mumaima pamtunda ndipo simufunika kugula zovala zolowera m'madzi. Valani magalasi ndi chipewa nthawi zonse, chifukwa mbedza imadutsa pafupi ndi nkhope, ndipo phwanyani kandevu ka mbedza ndi pulayala kuti izichoka mosavuta m'kamwa mwa nsomba kapena pa khutu lanu. Ku Ulaya kulibe ng'ona ndi mvuu, koma zimenezi zisakupusitseni. Madzi ake ndi ozizira moti munthu wodziwa kusambira amafooka m'mphindi zochepa, miyala yake ndi yoterera, ndipo kumunsi kwa madamu madzi amatha kukwera mwadzidzidzi akatsegula zitseko. Nsomba yoti ibwerere m'madzi muziigwira ndi manja onyowa, osaifinya, ndipo muziisunga m'madzi itayang'ana kumene madzi akuchokera mpaka itachoka yokha. Mukafika kunyumba, tsukani ndi kuumitsa nsapato ndi kaukonde kotolera nsomba musanapite nazo ku madzi ena, pofuna kupewa kusamutsa matenda ndi tizilombo, ndipo ndodo muziimasula n'kuiika m'chubu chake musanatseke chitseko cha galimoto.