Mapointsi a chakudya: mmene amathandizira kuchepetsa thupi

Inu amene muli ku Britain kapena ku America mwina mwamuonapo mnzanu wakuntchito akuloza foni pa paketi ya mabisiketi asanaitsegule. Ameneyo akuwerenga mapointsi. Njirayi inatchuka ndi kampani ya Weight Watchers, imene Jean Nidetch anayambitsa ku New York mu 1963, ngakhale kuti mapointsiwo anadzabwera m'zaka za m'ma 1990.

Zimayenda ngati bajeti ya ndalama. Mukalembetsa n'kulipira ya pamwezi, amaona zaka zanu, kutalika, kulemera, komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Kenako amakupatsani mapointsi a tsiku lililonse, ndi ena apadera a sabata yonse osungira ukwati kapena phwando. Chakudya chilichonse chili ndi mtengo wake: shuga ndi mafuta a nyama amaukweza, mapuloteni amautsitsa. Palibe chimene amaletsa. Keke mudya ndithu, koma madzulo mupeza bajeti yatsala pang'ono.

Pali zakudya zimene saziwerengera n'komwe, monga zipatso, masamba, ndipo kuyambira mu 2017 mazira, nsomba ndi nyemba. Ambiri amagwera pamenepa. Kukhala ndi mapointsi ziro sikutanthauza kuti mulibe makalori, muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Kampaniyo inangoona kuti anthu sakonda kupyola muyezo pa zakudya zotere. Nanga nyemba zija mwazikazinga ndi chiyani? Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ife timangopendeketsa botolo mpaka anyezi atasambira. Yezani mafuta ndi supuni, mulembe. Nsima nayo iyezeni pa sikelo kamodzi kokha, mudziwe kulemera kwa chipande chanu, chifukwa mitanda ya makomo awiri silingana.

Kodi thupi limatsikadi? Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2011, amene anachitika ku Australia, Germany ndi Britain, anapeza kuti patatha chaka, otsatira pulogalamuyi anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 5, pamene olangizidwa kuchipatala basi anatsika ndi oposa 2 pang'ono. Ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku kampani yomweyo, ndipo anthuwo ankapitanso kumisonkhano ya sabata ndi sabata kukakwera sikelo. Ine ndimaona kuti kukumana ndi anzako kumeneko kumagwira ntchito yaikulu kuposa masamu a mapointsi.

Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mukumwa mankhwala kapena kubaya insulini, yambani mwakambirana ndi adokotala, poti kuchepetsa chakudya mwadzidzidzi kungatsitse shuga mopitirira. Amayi oyembekezera adikire kaye.