General log ija munaiyatsa kalekale, munaizimitsa?

Nyengo yogula mbewu ino ndaitanidwa malo angapo ndipo nkhani yake imodzimodzi, sistimu yaima, anthu ali pa mzere ndi matumba awo, a IT thukuta lili kamukamu akuti mwina ndi vairasi mwina ma hacker. Ukalowa mu seva nkulemba df -h, lamulo loonera malo otsala pa disiki, ukupeza disiki ili pa 100%, ndipo chadya malo onsewo si data ayi, ndi fayilo imodzi ya general log ya MySQL, pulogalamu yosunga database, yomwe wina anaiyatsa tsiku lina pofufuza kavuto, kavutoko kanatha, iye nkuiwala.

Abale, general log ija imalemba chilichonse. Aliyense wolumikiza, SELECT iliyonse yowerenga data, INSERT iliyonse yolowetsa data, usana ndi usiku, nchifukwa chake MySQL imabwera log imeneyi ili OFF. Ndipo ngati simunaiuze kwina imagona mu /var/lib/mysql momwemo pamodzi ndi ma table anu, ndiye ikafufuma database imasowa polemba, muyamba kuona error 28, no space left on device. MySQL siidula yokha fayiloyi, imangowonjezera basi. Miyezi yopanda ntchito simungadziwe, koma malonda akachuluka ngati pano imakula ngati udzu wa mu Januwale. China chomwe anthu saganizira, manambala a foni a makasitomala, ma ID, ndalama zomwe walandira aliyense, zonse zili poyera mufayilomo, aliyense wotha kuitsegula awerenga.

Chimene chimandinyansa ine ndi yankho lija loti "timaisiya dala kuti vuto likadzabwera tidzaone". Mudzaone chani? Ndani anakhalapo pansi kuwerenga mizere mamiliyoni? Tsiku lomwe mukuifuna fayiloyo imakana ndi kutseguka komwe.

Mnyamata wina wa ku kopaletivi ya alimi a soya anandiimbira usiku, akuti bwana ndafufuta log ija ndi rm koma disiki ikadali yodzadza, pali ufiti apa. Ndinaseka kaye. Ufiti palibe, rm ndi lamulo lofufutira mafayilo, koma mysqld, pulogalamu yoyendetsa MySQL pa seva, inali itaigwirabe fayiloyo, ndipo Linux siibweza malo mpaka amene waitsegula aitaye, akanalemba lsof, lamulo loonetsa mafayilo otsegulidwa, akanaiona ili pomwepo yolembedwa deleted. Koma iye ndi mantha anali atapitirira kale, anafufutanso ma binlog (mafayilo olemba zonse zosintha mu database) pamanja poti nawonso ndi "ma log", pomwe binlog.index, fayilo ya mndandanda wawo, ikuwatchulabe. Magetsi atathima mmawa mwake database inakana kudzuka, alimi anabwerera ndi soya wawo pa njinga, ena anakagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira.

Zochita zake nzosavuta, mukuzidziwa kale. SET GLOBAL general_log = 'OFF' lero lomwe, kenako muone mu my.cnf, fayilo ya ma setting a MySQL, kuti isadzayakenso mukapanga restart. Ngati mukufuna kudziwa chomwe chikuchedwetsa sistimu yatsani slow_query_log yomwe imalemba ma query ochedwa okha, malire ake a long_query_time imabwera pa masekondi 10, itsitseni ifike pa 1 kapena 2. Ma log apatseni disiki yawoyawo, logrotate, pulogalamu yodula ma log, izidula ndi FLUSH LOGS. Ma binlog chotsani ndi PURGE BINARY LOGS osati rm. MySQL 8.0 imawafufuta yokha pakatha masiku 30, koma amene mukadali pa 5.7 expire_logs_days imabwera pa 0, kutanthauza kuti safufutika mpaka muikepo nambala nokha.