Musanagule sola, yambani mwatenga pepala ndi cholembera

Ndimameta anthu pa Lizulu, ndipo pambali ndimatchajitsa mafoni. Tsiku lina la msika kumayambiriro kwa 2022 ndinali nditameta mbali imodzi ya mutu wa bambo wina wogulitsa kabichi, magetsi n'kuzima. Mashini anangoti zii m'manja mwanga. Ndinamalizitsa ndi sizasi, bamboyo akuyang'ana pagalasi osayankhula kanthu. Masiku amenewo namondwe wa Ana anali atangowononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo makina ake opangira magetsi anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo malo onsewa ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Shire akatsokomola, ife kuno kumapiri tili mumdima.

Ndinathamangira kukagula sola mopupuluma ndipo ndinaluza ndalama. Zili m'munsizi ndi zimene ndikanachita ndikanadziwa.

Poyamba musafunse mtengo wa panelo. Lembani zinthu zimene simungakhale popanda izo magetsi akazima, osati zonse za m'nyumba. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chimayaka pa tsiku; nambala yotulukapo ndiyo moto umene chimadya pa tsiku. Zanga zinali chonchi: mababu 4 a LED a mawati 5 kwa maola 5, ndiye 100. Mashini ometera a mawati 10 kwa maola 6, ndiye 60. Mafoni 15, iliyonse ndimaiwerengera 12, ndiye 180. Kawailesi koti makasitomala azimvera mpira, 40. Zonse pamodzi 380 pa tsiku. Simbi, ketulo ndi hotipuleti musaziike n'komwe pamndandandawu. Chilichonse chotenthetsa chimadya mawati 1,000 kapena kuposa, ndipo chimamaliza batire yaing'ono madzi a tiyi asanawire kawiri.

Tsopano batire, pamene pagona nkhani yonse. Batire yolembedwa 12V 100Ah imasunga moto wokwana 1,200 (12 kuchulukitsa ndi 100) pa muyeso womwe uja, koma ngati ili ya asidi muziwerengera theka lokha, 600. Mukamaitsitsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, imafa chaka chisanathe. Yanga yoyamba inali ya galimoto, imene wogulitsa wina anandilumbirira kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi. Ya galimoto anaipangira kulizira injini kwa kamphindi kenako n'kudzazidwa, osati kuyamwidwa usiku wonse. Inatha miyezi isanu. Funsani ya deep cycle, yopangidwira kuyamwidwa pang'onopang'ono nthawi yaitali, ndipo muinyamule kaye: batire ya asidi yeniyeni ya 100Ah imalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndiye ikakhala yopepuka ngati thumba la tomato, siyani. Ya lithium ndi yodula, koma mungathe kugwiritsa ntchito pafupifupi moto wonse umene yasunga, komanso imakhala zaka zambiri. Amene thumba likulola, musazengereze.

Panelo muiyeze ndi mwezi wa Juni, osati Okutobala. Ogulitsa amawerengera dzuwa la ku Salima kapena ku Golomoti. Ife kuno chiperoni chikabwera, chifunga chimakuta msewu wa M1 mpaka galimoto kuyenda zitayatsa nyali masana, masiku atatu osaona dzuwa. Panelo ya mawati 150 pa tsiku lowala bwino imandipatsa pafupifupi 450, koma pa chifunga sifika ndi theka lomwe. N'chifukwa chake ndinaonjezera yachiwiri. Iyang'ane kumpoto, chifukwa dzuwa la nthawi yozizira limadutsa kumeneko, ndipo ipendekeke pang'ono, madigiri 15 kapena 20, kuti mvula izitsuka fumbi. Pasakhale mthunzi, ngakhale wa nthambi imodzi ya pichesi. Muimange ndi mabawuti, osati waya. Akuba nawo amadziwa mtengo wake.

Polumikiza, musalumphe kontirola, kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire. Yambani kulumikiza batire ku kontirola, panelo pambuyo. Pochotsa, yambani ndi panelo. Pafupi ndi batire, pa waya wofiira, ikani fyuzi. Waya akhale wonenepa ndi wamfupi. Ndinaonapo mnzanga atagwiritsa ntchito waya wa sipika, n'kusungunuka mpaka kununkha m'shopu monse. Mababu ndi matchaja a 12V lumikizani ku kontirola, inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM, muziyatsa pokhapo pamene mukuifuna, poti nayo imadya moto ngakhale isakuyendetsa kanthu.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani, abale anga: musalowetse moto wa inveta kapena jenereta m'soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Motowo umabwerera m'mawaya a panja, ndipo ungaphe munthu amene wakwera polo akudziwa kuti magetsi ndi ozima. Ngati mukufuna sola ndi magetsi a ESCOM zizisinthana m'nyumba imodzi, itanani wa zamagetsi wa chiphaso aike changeover switch.

Kusamala batire yangayi n'kumene kunandithandiza kumvetsa mmene magetsi a dziko amagwera. M'mawaya simusungidwa moto. Umene tikugwiritsa ntchito panopa ukupangidwa panopa, ndipo makina onse opangira magetsi ayenera kuzungulira mogwirizana pa liwiro limodzi, lotchedwa ma hertz 50. Makina aakulu amodzi akaima mwadzidzidzi, otsalawo amalemedwa, liwiro limatsika, ndipo nawo amadzizimitsa podziteteza, wina pambuyo pa mnzake, m'masekondi ochepa. Ndi zomwe inveta yanga imachita munthu akabaya chowumitsira tsitsi: imalira kawiri n'kuzima, ndi mababu omwe. Si ife tokha. Pa 28 Epulo 2025 Spain ndi Portugal anakhala maola ambiri opanda magetsi, masitima ataima. Mukatsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti mudzaona munda wa mapanelo wa mamegawati 20 umene unayamba ntchito mu 2022. Anauikira mabatire akuluakulu pa chifukwa chomwechi, kuti mtambo ukaphimba dzuwa moto usagwe nthawi imodzi.

Ndiye magetsi akazima, zulani firiji, TV ndi matchaja, musiye babu limodzi lokudziwitsani kuti abwera. Akabwera, dikirani mphindi zisanu kapena khumi, chifukwa nthawi zambiri amayamba ndi kuphethira, kenako muziyatsa chimodzichimodzi. Ine ndimayamba ndi tchaja cha batire, kuti idzaze magetsi akadalipo.

Kamodzi pa mwezi, Lamlungu madzulo, ndimakwera padenga ndi kansalu konyowa kupukuta mapanelo, kenako ndimayang'ana mitu ya batire. Ikachita zoyera ngati ufa, ndimatsuka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, n'kupaka Vaseline. Ngati batire yanu ndi yotsegula pamwamba, muzionjezera madzi a batire okhaokha ogula m'botolo. A pamjigo ayi.