Mwagula galimoto yakale ya MGB, muyambire apa

Achimwene, mwafunsa poyambira ndi MGB mwangogula kumeneyi kuno ku Dedza. Musanathamange nayo pa M1, khuthulani oyilo wa injini ndi mafuta a mabuleki, muthire atsopano.

Kenako sinthani mapaipi onse a rabala odutsa petulo. Apa musaumire ndalama ayi. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, yemwe amadya rabala wakale mpaka kuyamba kudontha pafupi ndi injini yotentha.

Werenganinso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: mwachitsanzo 2315 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2015. Limenelo lakalamba, ngakhale mano akadalipo.

M'mawa wozizira wa Juni kokani choko (chothandiza kuliza injini yozizira), injini ilire kaye pang'ono. Zonse zikakhala bwino, tsikirani ku Golomoti, koma m'makona a Khwekhwerere gwirani giya yachiwiri, osadalira mabuleki okha.