Mmene mungapewere kutopa kobwera chifukwa cha chifundo pophunzira ntchito yolimbitsa odwala m'masewera

Wophunzira amene watumizidwa ku chipatala cha Dedza kapena Ntcheu kukathandiza odwala kudzera m'masewera, nyimbo ndi ntchito zamanja amaona zambiri. Agogo ofa dzanja chifukwa cha sitiroko akulephera kutola timiyala ta bawo, gadiyani wawo ali pambali kupukuta misozi ndi chitenje. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, mtima umafooka. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Charles Figley, anafotokoza vuto la kutopa chifukwa cha chifundoli mu 1995 kuti limagwira munthu wosamalira anthu ovutika.

Yambani ndi kudzidziwa nokha. Pali wankhawa, amene wodwala akapanda kusintha amagona akudziimba mlandu. Pali wa mtima wofewa, wosatha kukana, amene amatsala m'wadi anzake ataweruka n'kuguliranso gadiyani sopo ndi ndalama yake ya chakudya. Winanso amafuna zonse zikhale ndendende, pamene wa sitiroko amachira pang'onopang'ono. Khalidwe lotere si tchimo ayi. Ineyo ndimaona kuti ofewa mtimawa ndi amene ntchitoyi imawafuna kwambiri, koma ndiwonso ayenera kudzisamala msanga.

Kenaka yang'anirani zizindikiro: kusowa tulo, kupsa mtima pa zazing'ono, kuzemba bedi la wodwala wina, kapena kuuma mtima moti kulira kwa munthu sikukukhudzaninso. Chomalizachi musachitche kuzolowera ntchito.

Dziyezeni. Pa intaneti pali mafunso 30 aulere otchedwa ProQOL, okonzedwa ndi Beth Hudnall Stamm. Amafunsa za masiku 30 apitawa ndipo amayeza kukhutira ndi ntchito, kutopa nayo, komanso kuvutika maganizo ndi zowawa za ena. Yankhani musanayambe pulakitiko, mubwerezenso pakati pake.

Ikani malire. Nthawi yoweruka muziweruka, ndipo nambala yanu ya foni isapite kwa wodwala aliyense. Akusowa chakudya kapena thiransipoti, atumizeni kwa a zachisamaliro cha anthu kapena kwa sisitala woyang'anira wadi.

Sabata iliyonse khalani pansi ndi amene akukuyang'anirani kapena mnzanu wa kalasi, munene chimene chakupwetekani, osatchula dzina la wodwala. Nanunso sewerani: mpira wamanja, kwaya, kukwera phiri la Dedza Loweruka.

Tulo tikasowa kupitirira masabata awiri, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mugone, kaonaneni ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma.